A Mukhova ndi Chitseko cha Tchalitchi

Chaka chakwana chimwalirireni apongozi anga, a Mukhova. Loweruka lapitali tinakalambula pamanda pawo. Ana awo awiri a ku Blantyre anabwera ndi nkhani yomanga chiliza cha matailosi. Mkazi wanga, yemwe ndi mwana wawo woyamba, anawayang'ana n'kunena kuti, "Mukufuna adzuke adzakutukwaneni m'Chilomwe?" Nkhani inathera pomwepo. Tinangounjikapo miyala ya kumtsinje n'kubwerera.

Anthu amawatchula kuti mkulu uja anaswa chitseko cha tchalitchi. N'zoona, anaswa. Ine ndinalipo. Ndine kalipentala. Chitsekocho ndinachiika ndine, ndinachikonzanso ndine. Chifukwa cha zimene zinachitika tsiku limenelo, anamwalira ali odulidwa mumpingo umene anautumikira moyo wawo wonse. Kwathu kuno munthu akamwalira ali wodulidwa, thupi lake sililowa m'tchalitchi, abusa salalikira, amayi savala yunifolomu. Iwo ankadziwa zimenezi. Ankangofunika kunena mawu amodzi kuti zithe. Sananene. Ndinakhala nawo mudzi umodzi kuno ku Nkhulambe zaka zoposa makumi atatu. Ndinena zimene ndinaona.

Anali aafupi, a mapewa otambalala, mapazi ong'aluka ngati nthaka ya m'dambo m'chilimwe. Nsapato anali ndi peyala imodzi. Ankavala Lamulungu lokha, ndipo ankazinyamula m'manja mpaka pamtengo wa mango wa patchalitchi. Pamenepo ankakhala pamuzu, kupukuta mapazi ndi masamba, n'kuvala. Mapemphero akatha ankavulira pomwepo. Makolo awo anachokera ku Mozambique, kuseri kwa phiri. Chichewa ankalankhula bwino, koma akakwiya chinkawathawa, n'kutsala Chilomwe chokha. Ankakonda nyemba za kalongonda. Ankati chakudya chofuna kuphikidwa tsiku lonse chimaphunzitsa munthu kudikira. Eni akewo kudikira sankakudziwa kwenikweni.

Tsiku limene ndinafika pachikamwini sanandifunse za kwathu. Ananditengera kukhola la mbuzi.

"Akamwini, akuti mumapala matabwa."

"Ndimayesa, apongozi."

"Ichi chikukhula pansi."

Chinali chitseko cha khola. Ndinachichotsa, kuchipala, kuchibwezera. Iwo anachikankha ndi chala chimodzi, chinatseguka osalira. Anatseka. Anatsegulanso.

"Chabwino. Khalani."

Mawu ondilandira m'banja anali omwewo.

Sanali munthu wophweka kukhala naye. Ukawapatsa malaya atsopano ankafunsa kuti akalewo alakwa chiyani. Nditaika simenti pansi m'nyumba mwanga, anakhala mwezi osalowamo, ankangolankhulira pakhomo. Pemphero lawo linali lalifupi, lisanafike poti munthu watsinzina bwino anali atanena kale ameni. Ankati Mulungu si wogontha. Koma munda wa wamasiye ukamera thengo, m'mawa wina unkapezeka wopalira theka, ndipo mapazi otambalala aja ankaonekera m'mizere. Ukawafunsa ankakwiya.

Tchalitchi chakale chinali pakachitunda, pafupi ndi mango uja. Anachimanga iwo ndi anzawo ali anyamata. Njerwa anaumba okha, anaotcha okha, anamangira dothi. Malata ankagula pang'onopang'ono, chaka chilichonse akagulitsa nandolo, moti denga linali la dzimbiri la mitundu itatu. Mawindo anali mabowo chabe. Chitseko chinali cha matabwa anayi, chotsekera ndi msomali wopinda. Umangoupotoza ndi chala, chatseguka.

Pa msomaliwo anali ndi chiphunzitso chawo. Ankati ntchito ya chitseko cha tchalitchi ndi kuletsa mbuzi basi, chilichonse chokhala ndi zala chiyenera kutha kulowa. Ndipo ankalowadi. Ogulitsa nsomba ochokera ku Chilwa, mvula ikawapeza panjira, ankalowetsa njinga ndi madengu omwe. Amayi othawa ndewu kunyumba ankabisala mmenemo mpaka ankhoswe atafika. Wamisala wina anagonamo dzinja lathunthu. Loweruka a Mukhova akamasesa ankapeza mamba a nsomba ndi makoko a chinangwa. Sankadandaula. Ankati zikusonyeza kuti mwini nyumba analandira alendo.

Belu lathu linali limu ya tayala la lole, yopachika pa mango ndi waya. Oimba anali iwo, ndi chitsulo chachitali ngati mkono. Anthu ankadziwa dzanja lawo. Kuimba kwa Lamulungu kunali kwina, kwa maliro kwina.

Apongozi aakazi anamwalira tidakali m'chakalecho. Mwambo uli mkati mvula inayamba, denga linadontha pabokosi penipeni. A Mukhova anavula jekete n'kufunditsa bokosilo. Pobwerera kumanda anandiuza kuti nawonso, tsiku lawo likadzafika, akufuna adzadutse m'nyumba ya Mulungu ngati mmene wadutsira mnzawo. Ananena kamodzi kokha. Ine sindinaiwale.

Mpingo unakula. Izi palibe angatsutse. Anthu ankadzaza mkati, ena n'kukhala pansi pa mango, kumvera ulaliki pawindo. Mvula ikagwa amayi ankasuntha ndi mabenchi kuthawa madontho. Apa m'pamene a Kamanga akulowera m'nkhaniyi. Kwawo kunali kumpoto. Anabwera kuno pantchito ya ulangizi wa zaulimi, anakhalitsa, anamanga nyumba kumsika, tsidya la mtsinje. Munthu waukhondo, wosunga nthawi, wosaba. Ndikunena izi chifukwa ena amafuna kuti m'nkhaniyi mupezeke woipa. A Kamanga sanali oipa. Mpingo unawasankha kukhala wapampando wa komiti yomanga.

Mpingo wathu ndi waukulu, likulu lake lili m'tauni. Pulani inachokera komweko. A Kamanga anaibweretsa pamsonkhano n'kuitambasula patebulo. Panali nsanja yaitali, mawindo a magalasi amitundu, pansi matailosi, kumwamba siling'i yoyera, ndi chitseko cha mbawa chogoba maluwa. Anthu anaunjikana kuti aone. A Mukhova anayang'ana kamodzi n'kubwerera pamalo pawo.

"Bambo Mukhova, simunenapo kanthu?" anafunsa a Kamanga.

"Ndimafunafuna pomwe pazikhala anthu a kuno."

"Malo ndi ambiri, onani kukula kwake. Pitani kuboma mukaone, malo omwera mowa ali ndi matailosi. Mulungu yekha ndiye azikhala m'nyumba yodontha?"

"Anakudandaulirani kuti akunyowa?"

"Achinyamata akutithawa, bambo. Akupita kumatchalitchi owala."

"Akuthawa malata, kapena akuthawa ulaliki wa maola atatu?"

Anthu anaseka. Abusa sanaseke.

Iwo sankakana kumanga. Maganizo awo anali akuti tigwetse khoma lakumbuyo, titalikitse tchalitchi, tisinthe malata, zotsala tikumbire mjigo ndi kufolera nyumba za amasiye. Ankati nyumba ikawala kuposa anthu ake, anthuwo amayamba kuiopa. Itafika nthawi yokweza manja, anatsala ndi nkhalamba zitatu. Anagonja.

M'mawa mwake anali oyamba kufika ndi khasu pamalo okumba maziko. Ndi mmene analili. Ankakangana nawe mpaka thovu kukamwa, koma mpingo ukagamula ankagwira ntchito kuposa amene apambana. Anatuta mchenga, anaswa miyala, kwinaku akung'ung'udza. Chimene chinawapweteka kwambiri chinali maziko. A Kamanga analamula kuti tikumbe mpaka munthu kubisika, tidzazemo miyala ndi simenti, ndipo polowa m'tchalitchi pakhale masitepe asanu ndi imodzi kuchokera pabwalo. A Mukhova ankayenda m'mphepete mwa ngalandeyo akupukusa mutu. Ankati sanaonepo anthu okwirira chuma pansi ngati maliro. Ankati chakale chija chaima zaka zonsezi ndi dothi lokha.

Ntchito inatenga zaka zisanu ndi chimodzi. Banja lililonse linkapereka nandolo pokolola. Ena anagulitsa mbuzi. Mjigo sunakumbidwe.

Chitseko chinabwera pa lole kuchokera m'tauni, cha mbali ziwiri, cholemera moti tinachinyamula anthu asanu. Ntchito yochiika anandipatsa ine. Sindinama, ndinanyada. Ndinali ndisanagwirepo thabwa lokongola chotero. Nditamaliza, apongozi anafika. Anachikankha ndi chala chimodzi. Sichinasunthe.

"Akamwini, msomali muuika pati?"

"Pano pakhala loko, apongozi."

"Kiyi azisunga ndani?"

"A Kamanga."

"A tsidya lija?"

"Omwewo."

Anayang'ana kumtsinje, anayang'ana chitseko, anapita. Loko anali ndi chifukwa chake. Mkatimo munali zokuzira mawu, batire ndi mipando ya pulasitiki, ndipo akuba kuno aliko.

Tsiku lotsegulira kunabwera magalimoto ambiri. Monga mkulu wakalekale, a Mukhova anawapempha kuti anenepo mawu pamaso pa alendo. Anaimirira, anati nyumba yatha, zikomo, nanga mjigo uli kuti. Anakhala pansi. Kuyambira tsikulo chokuzira mawu cha pansanja ndicho chinkaitana anthu. Limu inasiya kulira. Chakale chija chinasanduka mophunzirira ana Lamulungu.

Ndinaona chinthu china. Nkhalamba zina zinayamba kumaima pamasitepe, kuyang'ana mapazi awo amatope, kuyang'ana matailosi. Zina zinkabwerera kukakhala pansi pa mango ngati kale, pomwe mkati muli malo. A Mukhova ankapita kukazigwira padzanja n'kuzilowetsa. Ankati nandolo munapereka ndi wanu, pondani.

Kenako kunabwera chaka cha napolo. Mvula inagwa masiku atatu osakata. Tsiku lachinayi, cha m'ma naini koloko m'mawa, kuphiri kunamveka mkokomo ngati malole ambiri akutsika pamodzi. Madzi anabwera ofiira, atanyamula miyala ndi mitengo yathunthu. Nyumba za zidina zinkangokhala pansi ngati zatopa. Ndili mkati mokoka ana, ndinamva limu ikulira. Sikunali kuimba kwa Lamulungu, sikunalinso kwa maliro. Kunali kosalekeza. Aliyense anadziwa kothawira.

Anthu anathamangira kuchakale, mwa chizolowezi. Tisanalowe ambiri, khoma lake lakum'mawa linafufuma n'kugwera kunja, denga linapendekera. Dothi lomangira lija linali litasungunuka. Amene anali mkati anatuluka amoyo. A Mukhova anaima, chitsulo chili m'manja, akuyang'ana njerwa zimene anaumba ali mnyamata. Anatembenuka n'kuloza chatsopano.

Tinadzaza pamasitepe. Pabwalo madzi anali atafika m'mawondo, akukwerabe. Ana akulira, amayi atasenza mitolo, ena akukoka mbuzi. Chitseko chokhoma. A Kamanga ali tsidya, mlatho wapita, foni sizikugwira. Abusa anali kunthambi ina ya mpingo. Mkulu wina anati tidikire, mwina wina abwera ndi kiyi. A Mukhova anamuyankha m'Chilomwe mawu amene sindingalembe pano. Anatenga nkhwangwa kwa munthu amene anathawa nayo.

"Akamwini, munaika ndinu. Pofooka ndi pati?"

Ndinaloza pafupi ndi loko, pomwe anagoba duwa lalikulu thabwa n'kupepuka. Anandipatsa nkhwangwa. Manja anga anakana. Ndinaganiza za nandolo wa anthu wa zaka zisanu ndi chimodzi. Iwo anailanda. Munthu wa imvi mutu wonse, anatema kanayi. Kachinayiko thabwa linang'ambika kuchokera pa loko mpaka pansi.

Anthu analowa, a mpingo wathu, a mipingo ina, Asilamu, ndi osapemphera omwe. Mayi wina anatsala pakhomo ndi mbuzi zake ziwiri, akuchita manyazi. Zinali zokhazo zimene anapulumutsa.

"Bambo, nanga izi?"

"Lero nazonso zilowe."

Anazimangirira kutsogolo, pafupi ndi guwa, chifukwa ndiko kunali kopanda anthu. Pofika madzulo kumeneko kunali kutadzaza mbuzi ndi nkhuku.

Tinakhalamo masiku asanu ndi anayi. Si onse anafika pachitundapo. Ena tinawaika m'manda pambuyo pake, ena sitinawapeze mpaka lero. Za iwo sindilemba pano.

Tsiku lachiwiri ana anayamba kunjenjemera. Panali makaka a chinangwa ndi nandolo pang'ono zimene amayi anathawa nazo, koma nkhuni youma kunalibe dziko lonse. A Mukhova anayenda m'mizere n'kusankha mabenchi awiri.

"Awa, akamwini. Wazani."

Ulendo uno manja sanakane. Tinakoleza moto pakati pa tchalitchi. Matailosi anaphulika, siling'i inada. Ana anadya, anaotha, anagona.

Tsiku lachitatu ndinaona apongozi akuzungulira mkatimo. Ankaponda pansi ndi chidendene, kumenya khoma ndi chikhatho, kusuzumira panja pomwe madzi analekezera, pa sitepe yachinayi. Anabwera pomwe ndinakhala.

"Simenti ija ya a Kamanga yagwira. Paja ndinalakwa."

Madzi ataphwa, a Kamanga anaoloka n'kufika. Anaima pakhomo nthawi yaitali, akuyang'ana chitseko, mwaye wa kudenga, ndowe za mbuzi paguwa. A Mukhova anapita pomwepo, pamaso pa anthu onse, n'kubwereza mawu aja. Anati pa maziko analakwa, mpingo ukanamvera iwo bwenzi tonse titapita ndi madzi. A Kamanga anangogwedeza mutu.

Patapita miyezi iwiri kunabwera alendo ochokera kulikulu. Ataona mmene munalili, bwalo la akulu a mpingo linatiitana awiri, apongozi ndi ine. Abusa anali achinyamata, ofatsa, oopa malamulo. Anati za chitseko aliyense akumvetsa. Koma moto m'nyumba ya Mulungu, mabenchi opatulidwa, ziweto paguwa, izi zinachitika popanda chilolezo cha wina aliyense. Sankafuna kuti tilipe. Ankangofuna tiimirire pamaso pa mpingo n'kunena kuti tinalakwa.

Ine ndinaimirira Lamulungu lotsatira, ndinanena. Ndinali ndi mdzukulu woti abatizidwe. Apongozi sanandinyoze. Anati aliyense ali ndi zake zomulemera.

Iwo anakana.

"Ndi mawu amodzi okha, bambo," anatero abusa.

"Pa maziko ndinalakwa, ndipo ndinanena popanda wondipempha. Pa moto ayi. Madzi atabweranso mawa, ndiwaza mabenchi ena awiri."

"Palibe akunena kuti munali ndi mtima woipa. Koma mpingo uli ndi dongosolo."

"Abusa, mukufuna ndiime m'nyumba imene munaikongoletsa chonchi n'kunena bodza? Ana anaotha moto uja adzakhala akumva. Ndiwauze kuti kunali bwino akanafa ndi chisanu?"

Anawadula. Ukulu wa mpingo unatha, mgonero unatha, malo awo anakhala benchi yakumbuyo. A Kamanga pabwalopo nawonso dzanja anakweza pamodzi ndi anzawo.

Wina akanasamukira mpingo wina. Odzawakopa anabwera ambiri. Iwo ankati munthu sachoka pamudzi chifukwa wakangana ndi ana ake. Lamulungu lililonse ankafika oyamba, kuvala nsapato pamuzu, kukhala kumapeto kwa benchi yakumbuyo, kutsamiritsa mutu kukhoma. Mgonero ukamadutsa ankayang'ana pansi. Apo pokha ndi pamene ndinkaona kuti zikuwapweteka. Mkazi wanga anawachonderera kangapo, mpaka kulira. Ankangomufunsa ngati mbuzi zamwa madzi.

Amene ankawayendera kwambiri anali a Kamanga. Ankabwera panjinga mwezi ndi mwezi, atanyamula paketi ya shuga. Akangokhala pakhonde, zinkayamba.

"Akumpoto, mwabwera ndi kiyi?"

"Ndabwera ndi shuga, bambo."

"Shuga satsegula chitseko."

"Nkhwangwa ndiyo imatsegula?"

"Munaiona."

"Popanda masitepe anga mukanatema chitseko madzi ali m'khosi."

"Popanda nkhwangwa yanga tikanafera pamasitepe anu okongolawo. Nanga nsanja ija inapulumutsa ndani?"

"Mbalame zimagonamo."

"Eya, mbalame za mpingo."

Ankaseka n'kumwa tiyi. Potsanzika a Kamanga ankatsitsa mawu. "Bambo, ingonenani, zithe. Inu ndi ine tikudziwa mmene zinalili." A Mukhova ankangowaperekeza mpaka pamsewu.

Matenda anayambira m'miyendo. Inatupa, kenako chinabwera chifuwa. Kuchipatala anatibweza ndi mapiritsi. Abusa anabwera masana ena, anakhala pamphasa, anawagwira dzanja. Anati palibenso chifukwa choimirira pamaso pa anthu. Iwo afunsa funso, a Mukhova angogwedeza mutu, nkhani yatha. Anafunsa. Apongozi anaumitsa khosi ngati mtengo, maso ali kudenga, mpaka abusa anatopa. Abusa atatuluka, apongozi anandikodola.

"Akamwini, bokosi mupange ndinu. Chitseko cha tchalitchi chakale chili kuseri kwa nkhokwe, ndinachitola. Chikhale chivundikiro."

"Ndamva."

"Musakachonderere munthu chifukwa cha ine. Njira ya kumanda imadutsa patchalitchi. Mukakapeza chotseka, pitirirani. Osagogoda. Osaswa."

"Tikakapeza chotsegula?"

Anaseka mpaka kutsokomola. "Munachionapo chili chotsegula pakati pa sabata?"

Anamwalira Lolemba m'mawa. Pogumula chitseko chakale chija ndinapeza msomali wopinda uja udakalipo. Ndinauzula n'kuuika m'thumba.

Maliro anali Lachitatu. Anthu anachuluka kuposa mmene ndinaonerapo pamudzi pano. Ambiri anali aja anagona pa matailosi. Amayi a mpingo anabwera ndi zitenje wamba, opanda yunifolomu, monga mwa lamulo. Kunali kutagwa mvula, njira inali matope okhaokha. Ine ndinagwira bokosi kutsogolo, kumanja. Ndinali nditauza anzanga kuti patchalitchi tisachedwe, tisayang'aneko n'komwe.

Titakhota pa mango, woyamba kuyang'ana ndinali ine. Chitseko chinali chotsegula mbali zonse ziwiri, atachitsamiritsa miyala. Pamasitepe panaima a Kamanga, atavala suti, loko ali m'manja. Onyamula anachepetsa liwiro okha. Nyimbo inazilala.

"A Kamanga, bwalo lalola?" ndinafunsa.

"Bwalo silinakumane."

"Nanga ichi?"

"Ndangotsegula kuti mupite mphepo. Mkatimu mukununkha chinyontho."

Anasuntha n'kuima pambali. Ndinayang'ana mkazi wanga. Iye anati, "Bambo anati chikakhala chotseka. Ichi n'chotseka?"

Tinakwera masitepe aja ndi matope athu. Bokosi tinaliika pakati, pa matailosi osweka, amene mpaka lero sanasinthidwe. Abusa analimo kale. Anakhala pabenchi yakumbuyo, opanda kolala. Sanalalikire. Anaimirira pomwepo n'kupemphera pemphero lalifupi ngati munthu wamba. Amayi anayambanso nyimbo. Kenako panja limu inalira. Kuimba kwake kunali kosokonekera, kosakhala kwa maliro kapena kwa Lamulungu. Nkhalamba ina pafupi nane inati, "Akumpotowo belu salidziwa." Anthu anaseka, misozi ili m'masaya.

Sabata yotsatira bwalo linaitana a Kamanga. Udindo wa pampando unatha. Anakhala pabenchi yakumbuyo miyezi itatu. Nawonso sanapepese, koma nkhaniyo bwalo linangoisiya. Pabenchipo ankasiya malo a munthu mmodzi pakati pa iwo ndi khoma.

Mipingo ina yoyandikana nafe ikumanga zazikulu, ndipo anthu amandifunsa maganizo poti ndinali mkamwini wa a Mukhova. Ndilibe mawu ambiri. Simenti ya pansi ndinaiona ntchito yake. Ya nsanja sindinaione. Amayi akutungabe madzi kumtsinje. Ndimangowauza kuti asanagule chitseko ayambe agwirizana komwe kiyi azikhala.

Pomwe panali tchalitchi chakale pano ndi mulu wa dothi, pamera maungu. Njerwa zabwino anthu anatola pomanganso nyumba. Chitseko chatsopano ndinachigamba ndi thabwa la bulugamu, lopanda duwa. Mtundu wake sugwirizana, limaoneka uli kumsewu. Loko anabwezerapo, koma kiyi sapitanso tsidya. Amakhala pa mango, pansi pa limu, pa msomali wopinda umene ndinakhomapo. Aliyense amadziwa, ndi akuba omwe. Zimene zasowa mpaka pano ndi mipando iwiri ya pulasitiki. Loweruka lina osesa anapeza mamba a nsomba pafupi ndi khomo.

Muzu uja ulipo, wosalala pomwe ankakhala povala nsapato. Mkati, kumapeto kwa benchi yakumbuyo, pakhoma pali banga lakuda, lalikulu ngati chikhatho, pomwe ankatsamiritsa mutu. Wopenta chaka chino analilambalala popanda womuuza. Tchalitchi chimadzaza, ena amachita kuimirira. Pamalopo sipakhala munthu.